Chipande Chachiwiri cha Kalongonda

M'kabati yanga, kuseri kwa mbale zimene ndimatulutsa pakabwera alendo, muli chipande chakuda chobenthuka kukamwa. Adzukulu anga ayesa kangapo kuchiponya pamoto. Amati n'chauve. Si chauve ayi. Ngakhale mutachikwecha ndi mchenga mpaka manja atatupa sichingayere, chifukwa chinada ndi madzi a kalongonda, ndipo madzi amenewo akalowa mumtengo satulukanso. Chinali cha amayi. Ndikachigwira ndimabwerera m'chilimwe china, zaka zija akuluakulu ankangokhalira kunong'onezana za chitaganya cha maiko atatu, ine ndili ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi, pakuti tsiku langa lobadwa palibe analilemba.

Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Thuchila, kumene dzuwa limachedwa kutuluka chifukwa limayamba lakwera phiri. Bambo anali atapita ku Halale kukafuna ntchito mlongo wanga akadali m'mimba. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Mawu akuti mtchona sankatchulidwa pakhomo pathu, koma kuchitsime ankatchulidwa ndithu, ndipo ine ndinkawamva. Tinatsala atatu: amayi, ine, ndi kamwana kaja kamene kanali kakadali kumsana.

Mwini mbumba anali amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito m'munda wa tiyi cha kuboma. Ankabwera mwezi ukatha, atamangirira mchere ndi kachidutswa ka sopo kumbuyo kwa njinga yobwereka. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa, amene anali ndi pakamwa pambiri poti adyetse. Tsiku lina titangomaliza kukolola anakhala pakhonde, nachotsa chipewa, nanena zimene anabwerera: mvula ikagwa, tiyi akaphukira, adzanditenga ndikakhale kwawo. Kumeneko ana amsinkhu wanga ankapalira m'mizere ya tiyi n'kumalandira phoso. "Sukulu sadya, achemwali," anatero.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikunamizira kutola nandolo wogwa, ndipo ndinamva zonse. Sukulu yathu inali yofolera ndi udzu, mipando yake youmba ndi dothi, koma ndinkaikonda ngati ndiwo yanyama. Sileti yanga ndinkagona nayo kumutu. Aphunzitsi anali atawauzapo amayi panja pa tchalitchi kuti, "Mwanayu ali ndi mutu, musamutaye." Ndiye ndinadikira kuti amayi alire, kapena akane. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene. Koma mvula sinagwe." Amalume anaseka pang'ono, osati monyoza, navala chipewa chawo. Anati ngati amayi angapeze pogwira mvula isanagwe, iwo sadzakhala ndi mawu.

Tsono kuti mumvetse chifukwa chake anaseka, muyenera kuwadziwa amayi anga. Munthu wamantha ngati iwo sindinamuonenso. Anabadwira kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo anawoloka malire ali mtsikana wamkulu kale, moti Chinyanja chinawakanirira palilime. Kunyumba tinkalankhula Chilomwe, ndipo m'Chilomwe anali munthu wanthabwala zedi, koma akangotuluka pabwalo ankasanduka bubu. Kusitolo ya Mmwenye ankatuma ine. Belu la njinga likalira kumbuyo kwawo, ankalowa m'tchire mpaka m'chiuno. Masiku amenewo anthu ena ankatitcha Anguru, odya njoka, ndipo munthu wachilomwe akatsegula pakamwa pagulu ankayembekezera kusekedwa. Amayi ankaopa kusekedwa kuposa mmene ankaopera njoka yeniyeniyo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene palibe ankawaposa, ndicho kuphika kalongonda. Ana amasiku ano ena samudziwa n'komwe. Ndi nyemba zazikulu, zonenepa ngati chala chachikulu, zimene zimayanga m'mitengo ndi m'mapesi, ndipo zimabereka ngakhale chaka chimene chimanga chakana. Akapsa bwino, kalongonda amafumbutuka m'kamwa ngati chinangwa chabwino, ndipo ukamudya m'mawa njala imakuiwala mpaka madzulo. Akapanda kupsa ndi chilombo. Amazunguza mutu, amasanzitsa, munthu amayamba kulankhula zosadziwika, ndipo akuluakulu ankati ena sanadzukenso. N'chifukwa chake anthu amitundu ina ankamuopa, natiseka ife omudya. Pamsika wathu, mmene ine ndikukumbukira, panalibe ankamugulitsa. Chinali chakudya chodyera kuseri kwa nyumba.

Kuphika kwake kunkatenga masiku awiri. Tsiku loyamba kuwiritsa mpaka makoko atafewa, kusenda imodziimodzi mpaka zala zitada, kenako kuviika m'madzi. Tsiku lachiwiri ankakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa, ndipo madzi ankayenera kutayidwa n'kuthira ena atsopano. Oyamba ankatuluka akuda bii, afungo lowawa logwira kukhosi. Amayi anali ndi lamulo lawo: kutaya kasanu, osachepera. Popeza sanapite kusukulu, ankaika timiyala tisanu kumanzere kwa mafuwa, ndipo akataya madzi ankasamutsa kamwala kamodzi kupita kumanja. Timiyala tikatha kumanzere ndiye kuti ntchito yatha. Lamulo lachiwiri linali lakuti wophika ndiye amayamba kudya, yekha, n'kudikira, ana asanakhudze.

Maganizo a malonda anawabweretsa mlendo. Inali nyengo yogula thonje, ndipo mumsewu munkadutsa ngolo za ng'ombe ndi amuna osenza mitolo, ambiri a iwo ochokera kutsidya, amene anasiya akazi kwawo n'kubwera kudzachita ganyu. Mmodzi anapatukira kwathu kudzapempha madzi akumwa. Ataona makoko pa lichero anafunsa m'Chilomwe ngati m'nyumba muno munaphikidwa kalongonda. Amayi anamupakulira wotsala. Bambo uja anadya misozi ili lengelenge, ndipo atamaliza anati chichokereni kwawo sanalawepo, chifukwa munthu wogona m'chisakasa alibe nkhuni, mphika, ngakhale masiku awiri oti adikire. Pochoka anasiya kobiri pansi pa mbale. Amayi analitola, nalitembenuzatembenuza nthawi yaitali, akuyang'ana kumsewu kumene kunkadutsa anzake a bambo uja.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Sabata yomweyo amayi anatsitsa kalongonda wouma amene anali patsindwi, nabwereka nkhali yaikulu kwa mayi wina wofulula mowa, naphika. Loweruka mbandakucha anatapa chipande chimodzi, nadya ataima, kenako n'kuyamba kusesa ndi kusambitsa mwana, kudikira kuti mthunzi wa nkhokwe uchoke pamtondo. Utachoka ali bwinobwino, anayala masamba a nthochi m'dengu, nathira kalongonda, navundikira ndi nsalu. Ine ndinanyamula mchere wosinja ndi tsabola, ndi masamba ena okulungiramo.

Tsiku limenelo ndimaliseka lero, koma nthawi imeneyo silinali loseketsa. Tinafika kumsika dzuwa litakwera, fumbi lili koboo, pakumveka fungo la matemba ndi la ndowe za ng'ombe. Amayi anadutsa pamene pankakhala amayi ogulitsa, nadutsanso, kenako anakatula dengu kuseri kwa mtengo wa mango, kumene kunalibe munthu koma mbuzi. Anakhala pamenepo tsiku lonse osavundukula. Dzanja linkapita pansalu n'kubwerera. Ndinawamva akuyeseza chapansipansi mawu oitanira anthu, akuwabwereza ngati mwana wasukulu, koma sanatuluke. Madzulo tinasenza dengu lathu lodzaza kubwerera nalo, ndipo tinadya kalongonda masiku atatu, wina n'kugawira anansi. Ine ndinakwiya nawo, ndisabise. Ndinkangoona mizere ya tiyi m'maso mwangamu.

Pakati pa sabata ndinawapeza akusendanso. Sanandiyang'ane. Anangoti, m'Chinyanja chawo chokhotakhota chija, "Mbewa yamanyazi inafera kuuna." Mwambi umenewo anaumva kwa ndani sindidziwa, koma ndikhulupirira kuti sankauza ine.

Loweruka lachiwiri sanapite kwa amayi ogulitsa, sanapitenso kumtengo wa mango. Analunjika kumene amuna anandanda kudikira sikelo ya thonje. Ine ndinali pambuyo pawo. Anatula, nagwada, navundukula nsalu, nanena mawu amodzi okha, moni wakwathu wam'mawa: "Mosheliwa." Mitu inatembenuka. Wina anayankha, wina anasuzumira m'dengu n'kuitana mnzake, ndipo amayi, anthu onse akuona, anatapa pang'ono n'kudya iwo poyamba. Dzuwa lisanapendeke, m'dengu munatsala masamba okhaokha. Pobwerera anagula mchere ndi mafuta anyale ndi pakamwa pawo, osatuma ine, ndipo Mmwenye sanaseke. Mwina sankaseka n'kale lomwe, koma ife tikanadziwa bwanji?

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira mokoma. Manja athu anada mpaka m'zikhadabo, ndipo kusukulu anzanga ankati ndagwira mwaye, koma ndinalibe nazo ntchito. Pakhomo pankanunkhira utsi wa mapesi a nandolo. Lolemba ndi Lachiwiri tinkatola nkhuni, Lachinayi kusenda, Lachisanu moto tsiku lonse. Amuna a ngolo anayamba kutidikirira. Anyamata okonza msewu nawo anamva, ndipo ena anali Amang'anja amene ankagula mobisa n'kukadyera kuseri kwa ngolo kuti anzawo asawaone. Amayi anayamba kuyenda pakati pa msewu. Tsiku lina belu la njinga linalira, iwo anangopatuka phazi limodzi basi.

Ndiye kunabwera mwezi wotentha uja, mvula ili pafupi, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Chitsime chathu chinaphwa, ndipo madzi tinkakatunga kudambo, kofukula mumchenga, ulendo woti ukafika khosi lauma. Lachisanu lina kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, a mayi amene anathandiza amayi pobereka mlongo wanga. Maliro oterowo sungatume munthu. Nditaweruka kusukulu ndinawapeza atabereka kale mwana. Anandionetsa mafuwa: timiyala titatu tinali kumanja, tiwiri kumanzere. Nkhuni anali ataunjika pafupi. Anati, "Kwatsala kawiri. Moto usazime. Ndadalira iwe."

Ndikanakonda kunena kuti ndinadwala, kapena kuti mtsuko unasweka. Ayi. Kunalira ng'oma. Kubwalo la kumtunda anthu ankayeseza tchopa, gule wakwathu, ndipo anzanga anadutsa pakhomo akuthamanga, akundikodola. Ndinayang'ana mtsuko wopanda madzi, ndinaganiza za mchenga wotentha wa kudambo, maulendo awiri athunthu. Ndinavundukula nkhali. Madzi sanali akuda kwambiri, ndipo nyemba imodzi imene ndinaifinya inafewa. Ndinadziuza kuti katatu n'kokwanira, kuti kasanu ndi mantha chabe a amayi, pajatu amayi ankaopa chilichonse. Ndinatola timiyala tiwiri tija n'kutiika kumanja. Ndinasonkhezera moto kamodzi, ndipo ndinathamangira ng'oma.

Nditabwerako moto unali utazima kalekale. Ndinakhetsa madzi aja, ndinasesa pamafuwa, ndinakonza zonse kuti zioneke bwino. Chimene sindinaganizire ndi mulu wa nkhuni. Mwana akamanama amasesa pamene iye akuyang'ana basi. Amayi anafika kutada, atatopa, mawu atasasa ndi nyimbo zamaliro. Anafunsa ngati zonse zinayenda, ine ndinati inde, ndipo tinagona.

M'mawa ndinadzuka ndi mtima wolemera, koma ndinkadzilimbitsa kuti palibe chichitike. Amayi anatuluka ndi chipande chawo. Anayang'ana timiyala, tonse tisanu tili kumanja. Anayang'ana pambali, pamene panali nkhuni. Kenako anandiyang'ana ine, kanthawi kochepa chabe. Anatapa chipande, nadya ataima monga mwa masiku onse. Atamaliza anatapanso chachiwiri, chodzaza, chimene sanachitepo n'kale lonse, nadya mpaka kutha. Mlongo wanga anatambasula kadzanja kuti amupatseko, ndipo anamukaniza. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa.

Mthunzi wa nkhokwe usanachoke pamtondo, tsache linagwa. Amayi anagwira mzati wa khonde, nati nyumba ikuzungulira. Anasanza mpaka m'mimba munalibe kanthu, thukuta lili kamukamu, manja akugwedezeka okha. Kenako anayamba kulankhula ndi anthu amene kunalibe, kuitana amayi awo amene anamwalira kutsidya, kuwafunsa njira ya kumtsinje. Ine ndinakuwa. Anansi anathamanga, wina anawamwetsa madzi, wina phala lamadzimadzi, wina anatenga mwana. Ndinakhala kumapazi kwawo tsiku lonse ndikulira, ndipo anthu ankati taonani mwana wokonda amake. Sankadziwa chimene ndinkalirira. Ndinali wotsimikiza kuti ndapha amayi anga chifukwa cha ng'oma.

Dzuwa litapendeka anatsegula maso bwinobwino, ndipo mawu awo oyamba anali ofunsa za nkhali. Anati ikatayidwe m'dzenje lakuya, likwiriridwe, nkhuku ndi ana asafikepo. Ndinakumba ndine. Pamene ndinkakwirira ntchito ya sabata yathunthu, mchere, nkhuni, ndi zala zathu zakuda zija, ndinalumbira kuti ndikalowa m'nyumba ndikaulula. Ndinalowa, ndinawapeza atagona chammbali akuyamwitsa mwana, ndipo ndinatulukanso osaulula.

Nkhani yoipa sifuna njinga. Pofika Lamulungu, mudzi wonse ndi msika womwe unali utamva kuti mayi wa kalongonda uja wapenga ndi kalongonda wake yemwe. Ena anawonjezera kuti anavula, ena kuti anafuna kudyetsa anthu mankhwala. Amalume anabwera pakati pa sabata, mwezi usanathe, nkhope ili gwaa. Anati lero mwadwala nokha, mawa mukapha mwana wa eni ake mlandu udzagwera ine. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Pamphikapo panali ndani?" Ndinali pomwepo, ndikupeta. Amayi anayankha msanga, osanditembenukira: "Ndinalipo ndine, achimwene." Amalume analoza kuphiri, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana masana alionse, nati mwana akonzeke.

Aliyense ankayesa kuti malonda athera pomwepo. Inenso ndinkatero. Koma Lachinayi amayi, akadali ofooka, anatsitsa kalongonda wina. Lachisanu anakhala pamoto okha. Ine ndinatunga madzi popanda wondituma, maulendo asanu, mpaka pamutu panatupa, ndipo sanandifunse chifukwa chake ndinalimbikira chotero. Loweruka anadya chipande chawo chimodzi, nadikira mthunzi, nasenza dengu. Panjira anaima kawiri. Kachiwiriko anatula dengu pansi, napukuta manja m'nsalu, nayang'ana kumbuyo kumene tinachokera nthawi yaitali ndithu. Kenako anati, "Nditwike."

Kumsika anthu anatipatsa njira ngati tanyamula maliro. Thonje linali litatsala pang'ono kutha, koma amuna analipo, ndipo palibe anasendera. Amayi anavundukula, nakhala. Ola linatha. Mnyamata wina wa ngolo anayamba kudzandira dala patsogolo pathu, akutembenuza maso, anzake akufa nacho chiseko. Mayi wina wogulitsa matemba ananena mokweza kuti anthu odya njoka n'chimene amachita. Ndinkadziwa kuti tsopano avundikira, tipita kumtengo wa mango kuja, ndipo zanga zathera pomwepo.

M'malo mwake anaimirira. Amayi anga, amene ankathawa belu la njinga, anaima pakati pa msika wa Thuchila n'kulankhula Chinyanja mokweza, lilime likupunthwa pa mawu alionse.

"Zimene mwamvazo n'zoona. Kalongonda anandizunguzadi ine. Ndinaphika ndine, ndinalakwitsa ndine, ndinadya ndine. Tsono ndifunse, alipo pano anadya wa sabata yathayo? Aimike dzanja. Palibetu. Ali m'dzenje ameneyo. Mimba yanga ndiyo imayamba, yanu imabwera pambuyo. Ndi mmene timachitira kwathu."

Ena anaseka kalankhulidwe kawo, sindingakane. Koma chiseko chake chinali chochepa, ndipo sichinakhalitse. Amayi anatapa, nadya pamaso pa onse. Ine sindinaganize n'komwe. Ndinatambasula manja onse awiri, ndipo anandiyang'ana monga anandiyang'anira m'mawa uja, nandithirira. Ndinadya misozi ikugwera m'manja momwemo, ndipo mchere sunafunikenso.

Pamenepo m'pamene panatulukira aphunzitsi, akukankha njinga yawo, atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Anali Mmang'anja wophunzira kumishoni, ndipo kalongonda anali asanamuikepo m'kamwa chibadwire. Anaimika njinga, napereka moni kwa amayi mwaulemu, nati awapatse chipande chimodzi. Ndinaona ndi maso angawa kuti ankaopa. Ankatola imodziimodzi ngati akumwa kwinini, thukuta likutsika m'masaya. Atamaliza anakhala pamwala, natulutsa wotchi m'thumba, nati, "Ndikhala pompano. Ndikayamba kuvina tchopa mundigwire." Msika wonse unaseka, ndipo ulendo uno sunkaseka ife. Anakhaladi mpaka wotchi inawakhutiritsa, kenako anati awakulungire wina wa akunyumba. Mnyamata wodzandira uja ndiye anali wachitatu kugula.

Sindinena kuti dengu linatha tsiku limenelo. Silinathe. Koma sabata yotsatira linatha, ndipo thonje litatsekedwa amayi anatsatira anyamata a msewu kumene ankagwira ntchito, nawonjezera chinangwa chophika. Kalongonda wa patsindwi atatha, amayi ena a m'mudzi, ena mwa omwe ankanena kuchitsime aja, anayamba kubweretsa wawo kuti amayi awagule.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphepo, fungo la dothi lili ponseponse. Ine ndinadziwa tanthauzo lake. Palibe anandiuza kanthu, ndiye ndinamanga kamtolo kanga ndekha: diresi lina lija, kansalu kofunda, ndi sileti pakati. Patapita masiku awiri amalume anafika, matope ali mpaka m'mawondo, atamangirira chinthu chachikulu kumbuyo kwa njinga. Linali theka la mgolo wachitsulo, lotsukidwa bwino. Analitula pafupi ndi mafuwa kuti amayi aziphikiramo. Anati kuntchito kwawo amuna ena ankakamba za mayi wa pa Thuchila amene analankhula pamsika, ndipo iwo anachita kufunsa kawiri asanakhulupirire kuti ndi mlongo wawo. Amayi anawapakulira. Anadya, nati mchere wachepa, natulutsa wina m'thumba. Ponyamuka anaona kamtolo kanga pakhomo. "Nanga aka n'kachiyani? Masula, iwe. Mawa si sukulu kodi?"

Ndinapitiriza sukulu, ndipo pambuyo pake ndinagwira unamwino mpaka tsitsi linachita imvi. Tsiku limene ndinakwera basi ndekha kupita kukayesedwa kuti andilandire kumaphunzirowo, pasiteji ndinatsala pang'ono kubwerera. Chimene chinandikweza si nzeru za m'mabuku. Ndinakumbukira mawu amodzi aja a panjira, akuti nditwike. Ndimathokoza aphunzitsi chifukwa cha thukuta lawo, ndimathokoza amalume chifukwa cha mgolo umene anaukankha m'matope. Koma amayi sindidziwa kuti ndingawathokoze ndi mawu ati.

Za timiyala tija ndinaulula ndili ndi ana anga atatu. Tinali pakhonde, tikusenda kalongonda, iwo maso atayamba kuchita khungu. Ndinayamba ndi mawu ambiri ozungulira, koma anandidula ndi chiseko.

"Ukuyesa sindinadziwe? Nkhuni zinatsala mulu wonse. Moto wa madzi awiri sungasiye nkhuni zotero."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandifunse, ndi chifukwa chake anadya.

"Ndikanakufunsa ukananama kachiwiri, ndiye ndikanakhala ndi mwana wabodza. Kutaya osadziwa, mwina anali wabwino, mvula ili pakhomo. Kupita naye kumsika osadziwa, ndiye kupha anthu. Nanga ndikanapatsa ndani kuti alawe? Ndinadya ziwiri kuti ngati muli kanthu katuluke msanga, tisananyamuke."

Ndinati koma inu munali munthu wamantha, amayi. Anati mantha sanawachokepo ngakhale Loweruka limodzi, mpaka tsiku limene anasiya malonda. Ankaopa msika, ankaopa kusekedwa, ndipo m'mawa umenewo ankaopa kufa n'kusiya mwana wakubere. Kungoti ankaopa kwambiri kundiona nditagwira khasu m'mizere ya tiyi, sileti ili patsindwi. Ndipo akanawauza amalume kuti pamphika panali ine, akananditenga tsiku lomwelo, osadikira mvula.

Zonsezi ndinazimva ndili mayi, ndipo ndinalira ngati mwana. Koma m'mawa uja sindikanazidziwa. Ndinaima pafupi ndi mtondo, mtsuko uli m'manja, ndikuonerera amayi akutapa chipande chachiwiri, ndipo mtima unakhala pansi poona kuti sanandikalipire. Ndinangoti mumtima: kumaliro kuja sanadye bwino, ali ndi njala.